Kunenepa ndi mtima wogunda mosokonekera: yambani ndi chingwe ndi zala ziwiri

Tikamayendera midzi ndi m'makwalala a m'tauni pa nkhani za umoyo, pali dandaulo limodzi lomwe limabwera mobwerezabwereza, makamaka kwa amayi ndi abambo amene adutsa zaka 40: "Alangizi, mtima wangawu nthawi zina umathamanga ngati ndathawa galu, kenako umakhala ngati waima, kenako uyambanso. Kodi ndi maganizo?" Ena amati magazi achepa m'thupi, ena amati ndi nkhawa ya fizi ya ana, ena mpaka amayamba kukayikira achibale. Maganizo ndi kuchepa kwa magazi zimathamangitsadi mtima, sindikukana. Koma pali chinthu china chomwe ambiri sitikuchiganizira, chifukwa kwathu kuno timachiona ngati dalitso. Chinthucho ndi kunenepa.

Ndikudziwa kuti nkhaniyi ndi yovuta kuyiyamba. Munthu akachokera ku Joni kapena akayamba ntchito yabwino, moni wake ndi woti "Koma ndiye mwanenepatu, zikukuyenderani!" Mkazi akanenepa atakwatiwa, akuchimuna amatamandidwa kuti akusamala bwino. Ndipo zaka zija matenda a Edzi ankatha anthu m'midzi zinatisiyira mantha oti munthu akayamba kuonda, anzake ayamba kunong'onezana. Choncho sindikubwera kudzanyoza thupi la munthu aliyense. Ndikufuna tione limodzi zomwe kulemera kopitirira muyeso kumachita ku mtima, ndi zomwe mungachite pakhomo panu popanda kuwononga ndalama.

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba ndi ziwiri zam'munsi. Zam'mwamba zimalandira magazi, zam'munsi zimawapopa kupita ku mapapo ndi ku thupi lonse. Kuti zipindazi zigwire ntchito motsatana, m'chipinda cham'mwamba cha kumanja muli kamalo kakang'ono komwe kamatulutsa mphamvu yonga ya magetsi, ndipo ndiko kamalamula kuti tsopano gundani. Taganizirani amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi. Wina akakweza munsi, mnzake watsitsa, ndipo woyenda panjira amamva kuti apa pali dongosolo. Mtima wa munthu wamkulu amene wakhala pansi n'kupumula umagunda motero, pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi imodzi.

Tsono pali vuto lina lomwe madokotala amalitchula kuti atrial fibrillation. Mwa matenda onse osokoneza kagundidwe ka mtima kwa nthawi yaitali, ili ndiye lofala kwambiri padziko lonse. Pa vutoli, kamalo kolamula kaja sikamvekanso. Malamulo amachokera uku ndi uku, mazanamazana pa mphindi imodzi, ndipo zipinda zam'mwamba zimangonjenjemera m'malo mofinya magazi bwinobwino. Zam'munsi nazo zimalandira malamulo osatsatana, motero zimagunda mwachisawawa: kawiri mofulumira, kupuma, katatu, kamodzi mofooka. Zili ngati pa mtondo paja pabwera anthu asanu, aliyense ndi munsi wake, aliyense akusinja pa nthawi yake.

Choopsa kwenikweni si kuthamanga kwa mtimako ayi. Madzi oyenda mu mtsinje sachita ndere, koma oima pachithaphwi amachita. Magazi nawo akamazungulira pamodzimodzi m'chipinda chonjenjemera, makamaka m'kathumba kena komwe kali m'mbali mwa chipinda cham'mwamba cha kumanzere, amaundana. Kachibuluma ka magazi oundanawo kakachoka, kamayenda ndi mtsempha mpaka ku ubongo n'kukatseka njira. Imeneyo ndiyo sitiroko, ija imapha ziwalo mbali imodzi ndi kupotoza pakamwa. Munthu amene ali ndi vutoli ali pachiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu kuposa mnzake amene alibe. Ndipo pali ena amene samva chilichonse mu mtima, amangodziwira tsiku lomwe agwa.

Nanga kunenepa kukulowa pati?

Thupi lalikulu limafuna magazi ambiri. Kilogalamu iliyonse ya mafuta yomwe yawonjezereka ili ndi timitsempha take tofuna kudyetsedwa, choncho magazi amachuluka ndipo mtima umapopa katundu woposa amene unapangidwira, usana ndi usiku, chaka ndi chaka. Chipinda cham'mwamba cha kumanzere chili ndi khoma lopyapyala, ndiye chimayamba kutanuka. Aliyense amene anathirapo chimanga chopitirira m'thumba lakale amadziwa kuti ulusi wake umatasuka ndipo silibwereranso mwakale msanga. Khoma la mtima likatanuka limachita zipsera zing'onozing'ono, ndipo mphamvu ya magetsi ija ikafika pa zipserazo imasochera n'kuyamba kuzungulira.

Palinso mafuta amene amakuta mtima weniweniwo. Amene mumapha nkhumba kapena mbuzi yonona munawaonapo, oyera, omatirira pamtima. Mwa munthu, mafuta amenewa amakhudzana ndi mnofu wa mtima popanda chotchinga, amalowerera pakati pa minyewa yake, ndiponso amatulutsa zinthu zotupitsa ndi kuumitsa khomalo. Munthu wa mimba yaikulu nthawi zambiri amakhala nawo ochuluka.

Kunenepa sikuyenda kokha. Kumabwera ndi BP, ndi shuga, ndi vuto lina lomwe timaliseka m'nyumba koma ndi lalikulu: mkonono wodukiza. Amayi, mvetserani bambo akagona. Ngati akuliza mkonono kwambiri, kenako zii kwa kanthawi ngati asiya kupuma, kenako n'kudzidzimuka ndi phokoso ngati atsamwa, dziwani kuti njira ya mpweya ikutsekeka chifukwa cha mafuta a m'khosi. Zimenezi zimatha kuchitika kambirimbiri usiku umodzi. Nthawi iliyonse mpweya wabwino umatsika m'magazi, BP imakwera, ndipo chifuwa chimakoka mtima mwamphamvu pofuna mpweya. Munthu wotere amadzuka ndi mutu, amasinza masana pamsonkhano kapena m'tchalitchi, ndipo ngati ndi dalaivala ndiye kuti moyo wa anthu ambiri uli pangozi. Abambo nanunso mvetserani amayi, vutoli silisankha.

Izi si zongoganizira. Ku tauni ya Framingham ku America, akatswiri akhala akutsatira umoyo wa mitima ya anthu kuyambira 1948. Mu 2004 anatulutsa zotsatira za anthu opitirira 5,000 amene anawatsatira kwa zaka pafupifupi 14, ndipo anapeza kuti onenepa kwambiri ankadwala atrial fibrillation ija kuposa anzawo: pomwe a thupi loyenera ankadwala awiri, onenepa kwambiri ankadwala atatu. Atayeza mitima yawo anaona kuti kusiyanako kunkachokera makamaka pa kukula kwa chipinda cham'mwamba cha kumanzere chija.

Mwina muti zimenezo ndi za azungu. Zinali choncho kale, koma lero ayi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa asanu alionse m'Malawi muno anali wolemera kopitirira muyeso. Kafukufuku wina wa bungwe lofufuza za umoyo la MEIRU, amene anayeza anthu ku Area 25 ku Lilongwe ndi kumidzi ya ku Karonga, anapeza kuti amayi 44 pa 100 alionse a m'tauni ndi 27 pa 100 a kumudzi anali onenepa kopitirira muyeso, pomwe abambo anali 18 pa 100 m'tauni ndi 9 pa 100 kumudzi. Onani kuti ngakhale kumudzi nkhaniyi yafika. Ndipo kale mu 2009 kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS anaonetsa kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu anali ndi BP yokwera, ambiri mwa iwo osadziwa n'komwe.

Tsopano tibwere pa zochita. Choyamba ndi chingwe.

Kuchipatala amayeza kulemera ndi msinkhu n'kuwerengera nambala yotchedwa BMI. Amatenga makilogalamu anu n'kugawa ndi msinkhu wanu wa m'mamita wochulukitsidwa ndi iwo wokha. Nambala ikakhala pakati pa 18.5 ndi 24.9 zili bwino, kuyambira 25 mwalemera kopitirira, kuyambira 30 ndiye kunenepa kwambiri. Mwachitsanzo mayi wamtali mamita 1.60 wolemera makilogalamu 82 nambala yake ndi 32. Koma si aliyense ali ndi sikelo pakhomo, ndipo sikelo sinena komwe mafutawo ali. Mafuta a m'matako ndi m'ntchafu savutitsa mtima ngati a pamimba. Ndiye tengani chingwe, kaya cha sisalo kaya luzi, muime mowongoka opanda nsapato, wina ayeze kuchokera pansi mpaka pamwamba pa mutu wanu n'kudula. Chipindeni pakati kuti chikhale theka. Chingwe chopindacho chizungulizeni pamimba, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, pafupi ndi mchombo, mutatulutsa mpweya koma osakoka mimba. Ngati nsonga zake zakumana, muli pabwino. Ngati sizikukumana, mimba yanu yaposa theka la msinkhu wanu, ndipo mpata umene watsalawo ndiyo ntchito yomwe muli nayo. Amene muli ndi tepi ya telala, malire ake ndi masentimita 80 kwa amayi ndi 94 kwa abambo. Mukafika 88 amayi, kapena 102 abambo, chiopsezo chakula ndithu. Mayi woyembekezera asadziyeze motere.

Chachiwiri ndi zala ziwiri. Khalani pansi mphindi zisanu, musanamwe tiyi kapena kusuta. Tembenuzani dzanja kuti chikhatho chiyang'ane kumwamba, ikani chala cholozera ndi chapakati cha dzanja linalo pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, ndipo musindikize pang'ono mpaka mumve kugunda. Musagwiritse chala chachikulu, chili ndi kugunda kwakekwake. Werengani kwa mphindi yathunthu poyang'ana wotchi ya pafoni. Koma kuposa nambala, mvetserani mayendedwe ake. Kodi akutsatana ngati minsi iwiri ija, kapena akudumphadumpha osagwirika? Kudumpha kamodzi mwa apo ndi apo kumachitikira anthu ambiri ndipo kawirikawiri si koopsa. Koma ngati mphindi yonse palibe dongosolo, kapena mtima ukupitirira 100 muli chikhalire, pitani kuchipatala sabata yomweyo ndipo mukanene momveka kuti mtima wanga ukugunda mosatsatana. Chotsimikizira ndi makina otchedwa ECG, amene amalemba kagundidwe ka mtima papepala. Ngati pachipatala chanu chaching'ono palibe, pemphani kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu. Vutoli limatha kubwera n'kupita, choncho lembani tsiku ndi nthawi yomwe munalimva, kuti ngakhale tsiku loyezalo mtima ukhale uli phee, adokotala adziwe.

Apa ndichenjeze, kuopa kuti wina angatuluke ndi maganizo olakwika. Woonda asadzione ngati wapulumuka. Kuno kwathu achinyamata ambiri amene mitima yawo imasokonekera motere, gwero lake ndi zilonda za kukhosi zomwe sizinachizidwe ali ana, n'kudzawononga zitseko za mu mtima. Ena ndi chithokomiro chogwira ntchito mopitirira, ena ndi ukalamba chabe, ena ndi mowa. N'chifukwa chake kuyezetsa kuli patsogolo, kuchepetsa thupi kukubwera pambuyo pake.

Mbali yomwe imandilimbitsa mtima pa nkhani yonseyi ndi iyi. Ku Adelaide m'dziko la Australia, gulu la madokotala lotsogozedwa ndi Prashanthan Sanders linatsatira kwa zaka pafupifupi zisanu anthu 355 onenepa amene anali kale ndi atrial fibrillation, ndipo linatulutsa zotsatira mu 2015. Mwa amene anachepetsa gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwawo, pafupifupi 45 pa 100 alionse mtima wawo unakhazikika popanda mankhwala owongolera kagundidwe kapena opaleshoni. Mwa amene sanachepetse kwenikweni, anali 13 okha pa 100. Taonani kuti sanauzidwe kuti akhale ngati mtsikana wa sukulu. Mayi uja wa makilogalamu 82 akungofunika kutaya 8, afike pa 74. Anthu adzamuonabe kuti ndi mayi wathupi, chitenje chidzamukhalabe bwino, koma mtima wake watulidwa katundu. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti amene thupi lawo linkatsika n'kukweranso, kutsika n'kukweranso, phindu lawo linkachepa. Choncho zoti mwezi uno ndisala kudya mpaka kuchita chizungulire, mwezi wamawa ndibwezera, n'zosathandiza. Kutaya theka la kilogalamu pa sabata, kapena kucheperapo, n'kokwanira, bola chotayikacho chisabwerere.

Nanga tichepetsa bwanji ndi chakudya chathu chomwechi? Sindidzakuuzani kuti musiye nsima. Langizo lotero palibe amene angalitsatire kupitirira Lachitatu. Koma werengani mitanda. Amene mumadya itatu kapena inayi pomwe tsiku lonse mwakhala mu ofesi, pa okala kapena pa chiwongolero, tsikirani pa iwiri, pakapita milungu ingapo umodzi ndi theka. Mlimi amene wagwira khasu kuyambira mbandakucha ali ndi chifukwa chodyera yambiri, inu mulibe. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera, ndiye njala siibwera msanga. Malo amene nsima yasiya m'mbale adzazeni ndi masamba: bonongwe, chisoso, nkhwani, chigwada, kholowa, mpiru, therere. Nyemba, nandolo, khobwe, usipa ndi matemba zikhale ndiwo za masiku onse, nyama yonona ndi mang'ina zikhale za apo ndi apo. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja timaphunzitsa ku sikelo ya ana ndi omwewo, kungoti kwa wamkulu wonenepa gulu la zokhutitsa ndi la mafuta ndi amene ayenera kuchepa.

Kumene ambiri timagwera si pa nsima, ndi pa zapakati. Tiyi wa m'mawa wa masupuni anayi a shuga, mandasi awiri, chipisi cha pachiwaya masana, botolo la zoziziritsa kukhosi, madzulo kanyenya. Botolo limodzi laling'ono la mamililita 300 la zakumwa zotsekemerazi limakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8. Palibe amene angathire masupuni 8 mu kapu imodzi akuona, koma m'botolo timamwa osazindikira. Thobwa nalo, tikalithira shuga wambiri, lalowa gulu lomwelo. Shuga wa mu tiyi chepetsani supuni imodzi pa sabata, lilime limazolowera. Mafuta ophikira muziyeza ndi supuni, osati kupendeketsa botolo mumphika. Mchere usapitirire supuni ya tiyi imodzi pa munthu pa tsiku, kuphatikizapo wa mu ndiwo ndi wa m'timakyubu tokometsera, ndipo mbale ya mchere ichoke pamphasa podyera.

Za mowa ndinena mosabisa. Mowa umanenepetsa, komanso pawokha umasokoneza magetsi a mtima. Madokotala amadziwa bwino za anthu amene amabwera Lolemba mtima uli balalabalala atamwa kwambiri Loweruka ndi Lamlungu. Kaya ndi wa m'botolo, kaya masese, kaya kachasu, amene mtima wake wayamba kale kudumpha ndi bwino angousiya.

Kuyenda ndiye mankhwala aulere. Mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu pa sabata, mwandawala moti mukutha kuyankhula koma simungathe kuyimba. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike, kabaza musiyeni pa mitunda yaifupi, limani kadimba kuseri kwa nyumba. Amayi a m'magulu a banki m'khonde kapena a kwaya, panganani kuyenda limodzi m'mawa, chifukwa mayi woyenda yekha amafunsidwa mafunso ambiri panjira ndipo amagwa ulesi. Amene mwapezeka kale ndi vuto la mtima, kapena mumamva kupweteka pachifuwa ndi phuma mukayenda pang'ono, yambani mwafunsa adokotala kuti muyambire pati.

Pali zinthu ziwiri zomwe ndikupemphani musachite. Musagule mapiritsi kapena tiyi wochepetsa thupi wogulitsidwa pa WhatsApp ndi m'misika. Ena mwa iwo amakhala ndi zinthu zothamangitsa mtima kapena zotsegula m'mimba ndi kukodzetsa, zomwe zimataya mchere wofunika kuti mtima ugunde bwino, ndiye mukhala mukuitana vuto lomwe mukulithawa. Chimodzimodzi mapiritsi onenepetsa amene atsikana ena akumwa pofuna thupi. Chachiwiri, amene muli pa ma ARV kapena pa jakisoni wolera ndipo mwaona thupi likukwera, musasiye mankhwala. N'zoona kuti ena amanenepa nawo, koma kusiya n'koopsa kuposa kunenepako. Kafotokozeni kuchipatala komwe mumalandirira, akuyezeni BP ndi shuga, mukambirane.

Amene adokotala akupezani ndi vutoli ndipo akupatsani mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin, imwani monga mwauzidwa ndipo muzipita kukayezetsa magazi pa masiku amene akupatsani. Ngakhale thupi litatsika ndipo mtima mukuumva uli bwino, wosiyitsa mankhwala ndi dokotala yekha. Amene muli pa warfarin muwauze adokotala musanachulukitse masamba mwadzidzidzi, chifukwa masamba obiriwira amasintha mphamvu ya mankhwalawa. Sakuletsani kudya, akungofuna muzidya mofanana tsiku ndi tsiku. Musaphatikize ndi mankhwala a zitsamba kapena a ululu ogula pa okala musanafunse. Aspirin yekha sakwanira kuteteza sitiroko ya mtundu umenewu.

Ndipo pakhomo ponse, ana omwe, adziwe zizindikiro izi: pakamwa papotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka mwadzidzidzi, mawu akutuluka osamveka. Kapenanso munthu wakomoka, akubanika, chifuwa chikumupweteka pamodzi ndi mtima wothamanga. Pamenepo musadikire kuti kuche, musayambe mwapita kwina, musamumwetse chilichonse. Pezani galimoto, ngolo kapena njinga yamoto, mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mukumbukire nthawi yomwe zayambira kuti mukawauze.

Chingwe chija musataye. Mangani mfundo pamalo pomwe mimba yanu yafika lero pa chingwe china, muchikoleke kuseri kwa chitseko, ndipo muziyezanso pa tsiku loyamba la mwezi uliwonse, m'mawa musanadye. Mukapita kuchipatala pa chifukwa chilichonse, ngakhale chimfine, pemphani kuti akuyezeni kulemera, BP ndi kagundidwe ka mtima, ndipo azilembe m'buku lanu la kuchipatala pa tsamba limodzi, kuti amene adzakuoneni ulendo wotsatira adzathe kufananitsa.